Chala cha Mwini Mwana

Kalata yonditumiza ku Karonga inandipeza ndikupalira mtedza m'munda mwa mlongo wanga Nabanda, kwathu ku Ntchisi. Ndinali nditangomaliza maphunziro a ntchito ya Welofeya, satifiketi ikadali yowala, ndipo ndinkadziona ngati munthu amene boma lakhala likumudikira kwa nthawi yaitali. Kalatayo ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinapita kwa aphunzitsi a pasukulu ya kwathu kukafunsa kuti Karongayo ili pati kwenikweni. Anandilozera pamwamba penipeni pa mapu, pafupi ndi pamene msomali wopachikira unabowola.

Masiku amenewo a chipani chimodzi, boma likati pita, iwe unkangofunsa kuti basi inyamuka nthawi yanji. Koma ndisanamizire boma, ine mwini ndinkafuna kupita. Ndinali mwamuna ndekha m'mimba mwa amayi, ndiye kuti mwini mbumba ndinali ine. Kwathu ana a mlongo wako ndi ako. Mbuzi ya Nabanda ikalowa m'munda mwa eni, oitanidwa ndi ine. Mwana akatukwana wamkulu, ine. Ndinali nditatopa nazo ndisanakwatire n'komwe.

Tsiku lonyamuka Nabanda anandigwira dzanja la malaya nati, “Achimwene, nanga Limbani mukumusiyira yani?” Limbani ndi mwana wake woyamba, nthawi imeneyo anali atangoyamba sukulu.

“Positi ilipo,” ndinatero. “Ndizilemba makalata.”

Alamu anga a Gelesomu, bambo ake a Limbani, anali pompo pabwalo akumata chubu cha njinga yawo. Sanalankhule kanthu, ndipo ine sindinayembekeze kuti alankhule. Anali mkamwini, munthu wobwera, ndipo ndinakula ndikumva kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinawatsanzika monga mmene umatsanzikira munthu amene ukuganiza kuti sudzamupeza ukadzabwerera.

Ulendo unanditengera masiku atatu. Nditatsika basi ku Karonga ndinaganiza kuti mwina penapake pakupsa tchire, koma ayi, nyengo yake ndi imeneyo. Kutentha kwa kumeneko sikuchokera kumwamba kokha, kumatulukanso pansi n'kukulowa mu nsapato. Ofesi yanga inali kachipinda kamodzi: tebulo, makina otaipira, kabati ya mafayilo yosatsekeka, ndi chithunzi cha mtsogoleri chimene chinkayenera kupukutidwa m'mawa uliwonse tisanagwire china chilichonse. Wopukuta anali a Mwafongo, mesenjala wathu, munthu wa imvi amene analinso womasulira wanga popeza Chinkhonde ndi Chitumbuka sindinkamva ngakhale liwu limodzi.

Kusungulumwa kwa kumeneko ndikukumbukira mpaka lero. Anthu sankandida, ayi. Muofesi ankalankhula nane Chichewa bwinobwino, koma akangotembenukirana okha, lilime linkasintha, n'kuyamba kuseka, ine n'kutsala ndikumwetulira ngati munthu amene wasochera pa ukwati wa eni. Ankandiitana kukadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, ine n'kumafunsa mumtima kuti chakudya chenicheni chibwera nthawi yanji. Loweruka ndinkakhala pakhonde la positi chifukwa kalaliki wake anali wa ku Dowa, tinkangokambirana za kuzizira kwa kwathu ngati tikukamba za munthu amene anamwalira. Mwezi ukatha ndinkatumiza kandalama kwa Nabanda, n'kudziuza kuti udindo wanga ndakwaniritsa.

Ntchito yanga inali iyi. Mwana akalakwira lamulo, asanaweruzidwe, khoti linkafuna lipoti langa. Ndinkayenera kupita kwawo, kukaona mmene akukhalira, ndi kupeza munthu wamkulu woti amuyimire. Munthuyo akadinda chala pa fomu, mwana ankatha kubwerera kunyumba, ife n'kumamuyendera. Akasowa womuyimira, ankatumizidwa kusukulu ya ana olakwa, kutali kummwera, mbali ya ku Zomba. Choncho moyo wa mwana unkalendewera pa chala chimodzi ndi kabokosi ka inki kamene ndinkayenda nako m'thumba.

M'chaka changa chachiwiri apolisi anandiitana kuti kuli mnyamata. Dzina lake anali Gwakisa, wa zaka khumi ndi zitatu, wowonda, wa maso osathawa munthu. Anatenga njinga ya aphunzitsi ena ku Mwenilondo, kumene ankakhala ndi mayi ake, n'kuipalasa kulowera kumpoto. Anadutsa pa boma osagwidwa. Amene anamuyimitsa anali anyamata a chipani amene ankafunsa makhadi pamsewu, ndipo ataona kuti miyendo yake sikufika bwino pa mapedulo, anadziwa kuti njinga si yake.

Ndinamupeza atakhala pansi m'chipinda cha apolisi. Ndinawauza a Mwafongo kuti amufunse kumene ankapita.

“Akuti amaluta kukaya, bwana. Kwawo.”

“Kwawo ndi kuti?”

“Akuti ku Iponga.”

Ndinayang'ana pa pepala la apolisi. Panalembedwa kuti mnyamatayu amakhala ku Mwenilondo, bambo ake anamwalira, mayi ake alipo. Kwa ine nkhani inali yomveka: kwawo kwa mwana ndi kumene kuli mayi ake, ndi kumene kuli malume ake. Iponga ili mbali ina, kufupi ndi malire a Tanzania. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti mnyamatayu amanama ngakhale pa za kwawo, ndipo mwina ankafuna kukagulitsa njingayo kutsidya. Ndinadziona wochenjera kwambiri polemba zimenezo.

Woweruza ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ulendo umenewo ankafika Lachinayi. Ndinali ndi masiku awiri. Njinga yamoto ya ofesi inalibe mafuta, monga mwa nthawi zonse, ndiye ine ndi a Mwafongo tinapempha malo pa lole ya mpunga mpaka ku Mwenilondo.

Mayi ake a Gwakisa tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa. Anaoneka odwaladwala. Ndinawapatsa moni, n'kufunsa nthawi yomweyo kuti malume a mwanayu ali kuti. Sindinaone chachilendo pochita zimenezo. Kwathu munthu wobwera ndi mlandu wa mwana sataya nthawi, amafunsa mwini mbumba.

Malumewo anali a Mwangosi, msodzi, ndipo tinawapeza akusoka ukonde. Anatilandira bwino kwambiri. “Ugonile,” anatilonjera m'Chinkhonde, n'kutiyalira mphasa, n'kuitanitsa mkaka wowawasa umene ndinamwa chifukwa cha ulemu basi. Ndinafotokoza zonse pang'onopang'ono. Mukadinda apa, mwana abwerera kunyumba. Mukapanda kudinda, apita kutali zaka zingapo. Ndinatsegula kabokosi ka inki n'kukayika pamphasa.

A Mwangosi anakayang'ana kabokosiko, kenako anapinda manja n'kubisa zala m'khwapa.

“Yayi, bwana. Ine ningadinde yayi. Mwana uyu ngwa eni. Ng'ombe tinapokera,” anatero, kutanthauza kuti analandira.

“Ng'ombe zikubwera bwanji pa nkhani ya njinga?” ndinafunsa.

“Tinapokera, bwana. Zonse.”

Mtima unayamba kundiwira. Ndabwera pa lole, thukuta mpaka m'masokosi, kudzapulumutsa mwana wa mlongo wake, iye akundiuza za ng'ombe. Ndinafotokozanso. Anakananso, mwaulemu womwewo. Mayi aja anali atasendera pafupi, ndipo analankhula mawu angapo m'Chinkhonde, mwachangu, akuloza kumpoto. Sindinafunse kuti akuti chiyani.

A Mwafongo anatsokomola pang'ono nati, “Bwana, apa pali suzgo, kavuto pang'ono. Panji tiyambe taona ku Iponga.”

“A Mwafongo,” ndinawadula, “ntchito yanu ndi kumasulira. Za lipoti zisiyireni ine.”

“Enya, bwana,” anatero.

Ndinafunsa kachitatu, zala zinakhalabe m'khwapa. Ndinatseka kabokosi kanga n'kunyamuka wokwiya. M'njira monse ndinkadzifunsa kuti ndi anthu otani awa, malume wokana mwana wa mlongo wake pamaso pa mlongo wakeyo. Kwathu munthu wotere sangayende pakati pa mudzi. Nditafika muofesi ndinalowetsa mapepala atatu ndi kaboni m'makina, n'kutaipa mawu amene ndikanakonda kuwadula ndi mpeni lero: abale ake amukana mwanayu, palibe womuyimira.

Woweruza anali wa kummwera, mlendo mnzanga, ndipo ankadzipepeza ndi fayilo. Anawerenga lipoti langa, anandiyamikira kuti ndi lomveka bwino, n'kulamula zaka zitatu. Mayi ake a Gwakisa anagwa pansi pakhonde la khoti. Gwakisa sanalire, anangondiyang'ana. Sabata yomweyo anamukweza sitima ya pamadzi ndi wapolisi mmodzi.

Patapita masiku angapo, ndikufika kuntchito m'mawa, ndinapeza amuna anayi atakhala pansi pa mtengo kunja kwa ofesi. Anavala majekete m'kutentha konseko, maambulera m'manja, fumbi mpaka m'mawondo. Wamkulu wawo anaimirira. Anati ndi a Mwalwimba a ku Iponga, mkulu wawo wa malemu bambo ake a Gwakisa. Chichewa chawo chinali cholemera, koma palibe liwu limene ndinaliphonya.

“Ndimwe mwalemba kuti tamukana mwana?”

Ndinati malume ake anakana kudinda.

“Malume,” anabwereza, ngati akulawa chinthu chosaphika. “Ife munatifumba?”

Anandifotokozera modekha, ngati mmene umafotokozera mwana njira ya kuchigayo. Mng'ono wawo pokwatira anapereka ng'ombe kwa akuchikazi. Ng'ombe zikalandiridwa, ana ndi a kuchimuna, kaya bambo ali moyo kaya anamwalira. Mayi aja anangopita kwa mlongo wawo kukadwalirako, mwana n'kuwaperekeza. A Mwangosi akanadinda chala, kukanakhala kulanda mwana wa eni pamaso pa boma, mlandu waukulu pakati pa mabanja awiri. Sanamukane mwana, anakana kuba. Ndipo tsiku limene Gwakisa anatenga njinga, anali atamva kuti agogo ake aamuna ku Iponga ali kayakaya. Agogowo anamwalira mawa lake. Banja lonse linali pamaliro, ndipo uthenga wa a Mwangosi unawapeza mochedwa.

Atatha kulankhula, a Mwalwimba anatambasula dzanja, n'kuimika chala chachikulu patsogolo panga.

“Chala ichi, bwana. Tabwera nacho.”

Mwana anandiuza yekha kumene kunali kwawo. Njinga yobayo inkaloza kumene ine ndinkayenera kupita. Ine ndinatenga mwambo wa ku Ntchisi, n'kuuika m'thumba limodzi ndi kabokosi ka inki ngati nawonso ndi lamulo la boma.

Alendo atachoka ndinawatembenukira a Mwafongo, chifukwa munthu ukalakwa umafuna wina womukalipira. “Inu mumadziwa zonsezi. Bwanji simunandiuze?”

Anapitiriza kupukuta chithunzi chija nati, “Munati ntchito yane nkhumasulira, bwana.”

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chowawa n'chakuti phula limenelo sindinadye ine.

Lero ndine wokalamba, ndipo achinyamata a ntchito imeneyi akabwera kudzacheza amaganiza kuti kulakwitsa ndiko kunali kovuta. Ayi. Kulakwitsa kunanditengera masiku awiri. Chimene chinandidya chiwindi ndi kukonza. Ndinalemba kalata kulikulu kufotokoza kuti womuyimira mwana wapezeka. Patapita miyezi iwiri anandiyankha kuti ndagwiritsa ntchito fomu yolakwika. Ndinapempha fomu yoyenera, anati yatha, ndidikire. Itabwera ndinadzaza, ndinatumiza, anati fayilo ya mnyamatayo sikuoneka. Ndinataipanso zonse kuchokera pa makope anga a kaboni. Anayankha kuti fayilo yapezeka, koma muli lipoti lonena kuti abale anamukana, ndipo wolemba lipotilo ndi ine ndemwe, nanga akhulupirire liti. Ndinkawerenga makalata amenewo n'kuyenda uku ndi uku m'kachipinda kaja ngati nkhuku yofuna poikira.

Kalata ina inabwera ndi funso limodzi lokha: kodi ofesala akutanthauza kuti khoti la boma linalakwitsa? Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse. Funso lotere silinkafuna yankho, linkafuna kuti ukhale chete. Anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Ndinakhala milungu itatu osalemba, ndikuvomera, ndinachita mantha. Kenako ndinayambiranso, mofewa, mawu aliwonse atavala jekete, kunena kuti khoti linaweruza mwanzeru malinga ndi zimene linapatsidwa, koma wozipereka, ineyo, ndiye ndinali wopusa. Zimenezo anazilandira mosavuta.

Nthawi yonseyi a Mwalwimba ankabwera mwezi uliwonse. Ankachoka ku Iponga, nthawi zina pa lole, nthawi zina wapansi, n'kudzakhala pa benchi la muofesi, ambulera pakati pa miyendo.

“Kalata, bwana?”

“Palibe chatsopano.”

“Ndaga,” ankatero, kuthokoza, n'kunyamuka.

Ndikanakonda akananditukwana. Kuthokoza kumeneko kunkandilasa kuposa chipongwe. Ulendo wina anandibweretsera mpunga wonunkhira wa kwawo m'kansalu, ndipo unakhala pa kabati mpaka anankafumbwe anaudya.

Makalata a kwathu nawo ankabwera. Nabanda sadziwa kulemba, ankamulembera aphunzitsi aja a mapu. Poyamba zinali za mvula ndi maliro. Kenako dzina la Limbani linayamba kuchuluka. Wayamba kujomba kusukulu. Akuyenda ndi anyamata akuluakulu a pa esiteti ya fodya. Achimwene, bwerani mudzamulankhule. Ine ndinkakwiya nawo makalata amenewo. Kuno ndikulimbana ndi likulu lonse, iwo akundiitanira kujomba kwa mwana, ulendo wa masiku atatu. Ndinkayankha pa makina a ofesi, masamba atatu a malangizo abwino kwambiri, ndi kandalama pamwamba. M'zaka zonsezo ndinapita kwathu kamodzi kokha, ndipo tchuthi chimenecho ndinachithera kugona ndi kusimbira anthu za kutentha kwa ku Karonga.

Makalata anga onse aja anamuchotsera Gwakisa miyezi iwiri yokha pa zaka zitatu. Miyezi iwiri. Tinapita kukamulandira padoko, ine, a Mwalwimba, a Mwangosi ndi mayi ake amene tsopano ankayenda ndi ndodo. Anatsika mnyamata wamtali, kabudula wa khaki, atasenza bokosi la matabwa limene anakhoma yekha. Mayi ake anamulankhula m'Chinkhonde mawu ambirimbiri akumugwiragwira kumaso. Iye anayankha, koma mochedwa, akufunafuna mawu ngati munthu wofufuza m'thumba lobooka. Ndinaona nkhope ya mayiyo ikusintha.

Kenako anabwera kwa ine. Analankhula Chichewa chosalala cha kummwera, choposa changa, ndipo womasulira sanafunikenso.

“Bwana, ndinakuuzani kuti ndikupita kwathu.”

Ndinapepesa, koma kupepesa kwanga kunamveka ngati kalata ina yochokera kulikulu. Ndinatulutsa fomu yomulandirira ndi kabokosi ka inki pompo padoko. A Mwalwimba anadinda mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kung'ambika.

“Chala ndi chomwechi, bwana,” anatero akupukuta pa jekete. “Chasintha yayi.”

Ndinakhalanso ku Karonga zaka ziwiri. Ndinaphunzira kulonjera m'Chinkhonde, ndinaphunzira kudya mbalagha mpaka kumaifuna, ndipo koposa zonse ndinaphunzira kutseka pakamwa a Mwafongo akatsokomola. Gwakisa ndinkamuona nthawi zina ku Iponga akupala matabwa pansi pa nthochi. Ankandipatsa moni, koma sanandiitanepo kuti ndikhale pansi. Kalata yondisamutsira kuchigawo chapakati itabwera, a Mwafongo anandinyamulira sutikesi mpaka pa basi, nati, “Mukafike makora, bwana. Mwayamba kupulika, ndiye akumutolani.” Ankatanthauza kuti pamene ndayamba kumva zinthu m'pamene akundichotsa.

Ndinafika ku Ntchisi masana, patatha zaka zisanu ndi ziwiri, ndili ndi nsalu za Nabanda ndi thumba la mpunga. Mphepo ya kwathu itandiwomba ndinatsala pang'ono kulira. M'maganizo mwanga ndinali ndikubwerera pampando wanga. Ndinali nditakonza kale zimene ndidzamuuze Limbani, mwini mbumba wafika, zachibwana zithe.

Chodabwitsa choyamba, a Gelesomu anali pompo. Mlamba uja sanaterereke. Imvi zinali zitayamba, njinga inali yomwe ija, ndipo nyumba ya mlongo wanga inali ndi malata amene ine sindinagule. Limbani anabwera kudzandilonjera, mnyamata wamkulu ndithu. Anagwada patali, anandifunsa za ulendo ndi ulemu wonse, ulemu umene timapereka kwa alendo a boma. Atatha anapita kukakhala pafupi ndi bambo ake.

M'mawa mwake Nabanda anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anamasula kansalu, n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Ndisanalitambasule ndinali nditalizindikira kale. Ndinayenda nawo mapepala otere m'thumba zaka zisanu ndi ziwiri. Pamwamba panali dzina la Limbani. Chaka chathacho iye ndi anzake anagwidwa atatenga fodya m'chigafa cha pa esiteti. Pansi, pa malo a womuyimira mwana, panali chidindo cha chala, ndipo pambali pake wina analemba kuti bambo ake.

Ndinakweza mawu. “Mwana wa mbumba yanga afika kukhoti, ine osadziwa? Bwanji simunandiuze?”

“Tidalemba, achimwene,” anatero Nabanda. “Tidati bwerani, kuno kuli nkhani. Zotere sitikadauza aphunzitsi kuti alembe poyera. Inu mudayankha masamba atatu.”

Ndinaikumbukira kalatayo. Ndinaiyankha ndili wotopa, ndipo ndikukhulupirira kuti munali ndime yonse yonena za ubwino wodzuka m'mamawa.

“Nanga wa Welofeya wake sanafunse za malume?”

“Adabwera mayi wina wachitsikana. Sadafunse za malume, sadafunsenso za bambo. Adakhala pansi apa n'kufunsa kuti, ndani ali pano amene angamuone mwanayu tsiku ndi tsiku? Ndiye alamu anuwa adapukuta dzanja pa kabudula n'kupereka chala.”

“Anthu sananene?”

“Adanena. Adati mkamwini wakula mwendo. Alamu anuwo adati anene, bola mwana agone m'nyumba.”

Ndinakhala pa mtondo umene unali pamenepo, pepala lili m'manja. Kwa kanthawi ndinafuna kukwiya ngati a Mwalwimba, kufunsa kuti ine munandifunsa? Koma a Mwalwimba anayenda wapansi kuchokera ku Iponga atanyamula chala chawo. Ine ndinatumiza malangizo pa positi. Mwambo umene ndinauumirira ku Mwenilondo mpaka mwana wa eni kutaya zaka zitatu, kwathu kuno unali utagona pansi, ndipo amene anaugwetsa ndi ine mwini wake. Funso limene mtsikana uja anafunsa linali lalifupi, losafuna satifiketi. Ndikanalifunsa pansi pa mtengo wa mango uja, mayi aja akanaloza kumpoto, a Mwafongo akanamasulira, ndipo Gwakisa akanalira maliro a agogo ake pamodzi ndi abale ake.

Tikubwerera pabwalo ndinapeza a Gelesomu akupopa njinga. Limbani anali atavala malaya oyera. Linali tsiku lawo la mwezi ndi mwezi lokaonekera ku ofesi ya Welofeya pa boma, ndipo Nabanda anati sanaphonyepo ngakhale kamodzi, mvula kaya dzuwa. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga jekete.

“Alamu, ndipite nanu,” ndinatero. “Zimenezi ndikuzidziwa mmene zimayendera.”

A Gelesomu anapanikiza tayala ndi chala chachikulu kuona ngati lalimba. Anandiyang'ana mopanda chipongwe chilichonse, ndipo ndicho chinandipweteka.

“Zikomo, alamu,” anatero. “Koma njinga ndi imodzi.”

Limbani anakwera pakaliyala n'kugwira bambo ake m'chiuno. Ndinaima pamenepo, jekete lili pa mkono, mpaka anakhota pa msewu wa ku boma. Nabanda anatuluka ndi makasu awiri, n'kundipatsa limodzi, nati mtedza wa chaka chino udakali ndi udzu.